Pichesi wa kuseri kwa bafa: momwe kumezanitsa ndi kudulira kwayendera

Ndimakhala ku Mchinji, kunja pang'ono kwa boma cha kumsewu wopita ku Mwami. Kuno mapichesi si athu kwenikweni, ife ndi a mtedza, soya, fodya ndi mango, pichesi timakamuona pamsewu ku Dedza ndi pa Lizulu nthawi yake ikakwana. Nde mtengo umene ndikulemba pano unadzimerera wokha kuseri kwa bafa dzinja la 2021, ndikuganiza ndi njere ya mapichesi amene mayi akunyumba anagula pa Lizulu ana n'kutayira pamenepo. Madzi osamba amadutsa pompo ndiye unakula msanga osauthirira nkomwe. Ndatsata masiku monga ndinkalembera m'kope langa, zolephera ndi zotheka zomwe, kuti wina amene ali ndi kamtengo ngati kanga asabwereze zimene ndinalakwitsa ine.

9 Sepitembala 2023, kuyesa koyamba

A malume anga a ku Dedza anabwera ku ukwati kuno atanyamula timitengo ta pichesi wa pakhomo pawo, uja wobereka zipatso zikuluzikulu zofewa. Akuti mphwanga, wakowo ndi womera yekha, adzakupatsa tizipatso touma ngati miyala, mumezanitse ndi uyu. Timitengoto tinali tatuluka kale masamba ndipo tinagona masiku awiri m'chikwama mwa zovala.

Ndinatenga mpeni wa kukhitchini, ndinang'amba tinthambi tiwiri ta m'mbali, n'kulowetsamo timitengo, n'kumanga ndi malegeni a chubu cha njinga, basi. Kumwamba konse ndinakusiya momwe kunalili chifukwa mtima sunandilole kudula mtengo wobiriwira bwino chonchija. Ndalama sindinawononge ngakhale tambala.

14 Okutobala 2023, zonse zauma

Masamba a timitengoto anafota tsiku lachitatu lomwe koma ndinkangodikira kuti mwina tiphukiranso. Lero ndamasula malegeni, timitengo tangosololoka tokha, mkati mwakuda. Ndinakafotokozera alangizi athu a zaulimi ndipo sanachedwe kupeza vuto, anandiwerengera zinayi. Nthawi inali itapita, Sepitembala kuno kwatentha kale ndipo mtengo wadzuka. Timitengo tokhala ndi masamba timataya madzi tisanagwire. Mpeni wobuntha umatafuna khungwa m'malo modula. Ndipo nthambi zakumwamba zimene ndinazisiya zija ndi zimene zinkakoka chakudya chonse, mtengo unalibe chifukwa chosamalira alendo.

Anandiuzanso kuti pichesi ndi wovuta pang'ono kumezanitsa kwa kanthambi poyerekeza ndi mango, ambiri amachita kutenga diso limodzi n'kulilowetsa pansi pa khungwa. Ndipo kwa amene amafunsa, pichesi amagwira pa pichesi mnzake, mapulamu ena amagwiranso pa pichesi, koma pa mango kapena gwafa musataye nthawi, si abale.

Disembala 2023 mpaka Malichi 2024

Mtengo unabereka tizipatso tisanu ndi kamodzi, ting'onoting'ono, tolimba, ndipo tina tinali ndi mphutsi mkati. A malume ananena zoona. Ndinangousamala kudikira chisanu. Manyowa a khola ndowa ziwiri ndinathira mozungulira osagunda tsinde. Febuluwale kunachita ng'amba ija inawotcha chimanga m'madera ambiri, mtengowu unapulumukira madzi a kubafa.

22 Juni 2024, kukatenga timitengo ku Dedza

Ndinapita ndekha ulendo uno, ndinaphatikiza ndi kukaona agogo. Thiransipoti kupita ndi kubwera, kudzera ku Lilongwe, inandidyera K22,000, ndalama yaikulu pa ntchito yonseyi ndi imeneyi. Kuzizira kwa ku Dedza n'kwina, mtengo wa a malume unali utayoyola masamba onse, uli mbuu ngati wouma, pomwe wanga kuno unali udakali ndi masamba pafupifupi theka.

Tinadula m'mawa. A malume sankatenga nthambi iliyonse ayi, ankasankha zimene zinamera chaka chomwecho, zofiirira, zonenepa ngati pensulo, maso ake ali otseka. Nsonga yeniyeni ankataya akuti ndi yanthete, ankatenga chapakati. Tinakulunga m'nyuzi yonyowa, n'kuika m'jumbo, n'kumanga. Anandichenjeza chinthu chimodzi chimene sindinachiganizepo, akuti mphwanga, mtengo uwu unazolowera chisanu cha kuno, kwanu ku Mchinji n'kotsika ndipo n'kofunda, usadabwe ukamadzachita maluwa mwa apo ndi apo. Mawu amenewa ndinadzawaona chaka chotsatira.

23 Juni 2024, tsiku lomezanitsa

Zimene ndinagula ndi izi: malezala atatu K600, tepi wakuda wa magetsi K1,000, sipiriti K1,500, makandulo awiri K800. Sowo ndinabwereka kwa kalipentala woyandikana naye, mpeni ndinanola pamwala mpaka unkameta ubweya wa pamkono.

Ndinayamba dzuwa litapendeka, titachoka kutchalitchi. Mtengo unali ndi nthambi zitatu zikuluzikulu zotuluka pa tsinde, iliyonse yoposa chala chachikulu kunenepa kwake. Zonse zitatu ndinazidula ndi sowo cha m'chiuno mwanga, mtengo wonse wakumwamba n'kugwa pansi. Mayi akunyumba anatuluka m'khitchini n'kufunsa kuti bambo, mwaupha kodi? Ine ndemwe mtima unali phaphapha, zaka zitatu mtengo ukukula ndiye pangotsala zitsa zitatu ndi kanthambi kamodzi kapansi kamene ndinakasiya kuti mtengo uzipumirako.

Pamwamba pa chitsa chilichonse ndinasalaza ndi mpeni, kenako n'kung'amba pakati, kuzama ngati mfundo ziwiri za chala, ndikumenya mpeni pang'onopang'ono ndi kamtengo. Mng'aluwo ndinautsegula ndi sikuludilaiva. Kamtengo ka ku Dedza ndinakafupikitsa kuti katsale ndi maso atatu, kumunsi kwake n'kusongola mbali ziwiri ngati tchizulo, mbali yoyang'ana kunja yonenepako pang'ono. Apa pamafunika kudula kamodzi n'kamodzi, ukamapalapala pamakhala mabampu ndipo sipagundana bwino. Timitengo tiwiri ndinationonga pophunzira. Podulidwapo osagwirapo ndi zala.

Tsono nkhani yonse ili apa. Mukapala khungwa ndi chikhadabo mumaona kachigawo kobiriwira konyowa pakati pa khungwa ndi thupi la mtengo, kameneko ndi kamene kamalumikiza, ka kamtengo ndi ka chitsa tiyenera tigundane. Chaka chatha ndinaika kamtengo pakatikati pa mng'alu, komwe kulibe moyo. Kamayenera kukhala m'mphepete, ndipo poti khungwa la chitsa ndi lochindikala kuposa la kamtengo, kamtengo kamalowa mkati pang'ono chabe, osati kufanana ndendende kunja. Ndinakapendeketsanso pang'ono kuti penapake tidutsane basi. Nditachotsa sikuludilaiva mng'alu unakapana wokha.

Zitsa ziwiri ndinaika timitengo tiwiritiwiri, chachitatu chinali chowonda ndinaika kamodzi, tonse tisanu. Ndinamanga ndi tepi mbali yomata ili kunja kuti isadzasupule khungwa pochotsa. Kandulo ndinasungunula m'kachitini ka tomato, kudikira kuti izizireko, n'kutseka pamwamba pa mng'alu ndi pa nsonga za timitengo. Pamapeto chitsa chilichonse ndinachiveka kajumbo koyera ka shuga, pamwamba pake n'kuphimba ndi pepala la khaki chifukwa cha dzuwa. Mpeni ndinkaupukuta ndi sipiriti ndikamachoka pa chitsa china kupita pa china.

20 Julayi 2024, maso atseguka

Masabata atatu panalibe chilichonse, ndinkangosuzumira m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Lero timitengo titatu tatulutsa timasamba ngati makutu a mbewa, tiwiri pa chitsa cha kum'mawa, kamodzi pa chitsa cha kubafa. Mnzake wa kubafa wauma. Chitsa chowonda chija kamtengo kake kada, nditayang'ana ndapeza kandulo inang'aluka mphepo n'kulowa. Kandulo yokha ndi yophwanyika ikauma, ndikanasakaniza ndi Vaseline pang'ono kuti ikhale yofewa.

Kamtengo kamodzi kanatulutsa duwa la pinki, lokongola zedi, ana anakondwa. Ndinalithothola. Kamtengo kosagwira bwino sikangalere chipatso.

Mphukira za mtengo wakale nazo zayamba kutuluka pa tsinde ponseponse, zamphamvu kuposa za ku Dedza. Izi muzichotsa ndi chala zidakali zanthete, sabata iliyonse, mukazilekerera mwezi umodzi mubwerera pa pichesi wanu wakale uja. Pa chitsa chowonda pokha ndinasiyapo imodzi yowongoka, ndinali nayo cholinga.

11 Ogasiti 2024, jumbo inawotcha masamba

Apa ndinalakwitsa. Ndinachedwa kuchotsa majumbo, pepala la khaki la chitsa cha kubafa linauluka ndi mphepo ine ndili ku Kamwendo tsiku lonse, pobwera ndinapeza timasamba tagunda pulasitiki tapsa ngati tathiridwa madzi otentha. Mwayi diso lachiwiri linali lisanatseguke, linadzaphuka patapita masiku khumi. Jumbo imafunika kuiboola masamba akangoyamba, mawa lake kukulitsa bowo, pakatha masiku anayi kapena asanu kuichotseratu madzulo. Kuchotsa kamodzi masana nakonso kumafotetsa.

Kuthirira ndinawonjezera, ndowa ziwiri za pamjigo kawiri pa sabata, ndi kuphimbira pansi ndi makoko a mtedza.

28 Sepitembala 2024, mbuzi

Mpanda wathu ndi wa udzu ndipo nthawi ino mbuzi zimangoyenda zokha, kudambo kulibe msipu. Zinaboola pakona n'kudya nsonga ya nthambi ya kubafa ija, yomwe inapsa ija, inali itafika kutalika ngati mkono. Zinandipweteka kwambiri tsiku limenelo, sindinadye bwino nsima. Waya wa nkhuku ndinakafunsa mtengo wake ndinangobwerera, ndiye ndinagula nsungwi za K3,000 n'kumanga kakhola kozungulira mtengo, mipata yake yoti mutu wa mbuzi usalowe. Podyedwapo ndinadula bwinobwino pamwamba pa tsamba, ndipo panatuluka nthambi ziwiri m'malo mwa imodzi.

Tsiku lomwelo ndinaona kuti tepi wayamba kulowa m'khungwa, nthambi yatupa pamwamba ndi pansi pake. Ndinamucheka ndi lezala mbali imodzi n'kumanganso momasuka. Tepi wa magetsi satha yekha padzuwa msanga, mukamuiwala amakolowola nthambi.

19 Okutobala 2024, kamvuluvulu

Pa chitsa cha kum'mawa nthambi ziwiri zija zinakula mothamanga, masamba thoo. Kamvuluvulu wa masana anadutsa pabwalo n'kukhadzula imodzi pa mfundo penipeni pamene ndinamezanitsa. Nditaitola ndinaona kuti inali itagwira mbali imodzi yokha, kachingwe kakang'ono ka mnofu woyera, masamba onse aja ankadalira pamenepo. Kunja imaoneka yolimba koma mfundo imatenga nthawi. Zotsalazo ndinaziikira mitengo yochirikiza n'kumanga ndi nsanza za chitenje, mosathinitsa, ndipo nsonga ndinatsinako kuti zisalemere. Kanthambi kopumira kaja ndinakadula tsiku lomweli, ntchito yake inali itatha.

Januwale 2025, chiswe ndi nsabwe

Mvula itakhazikika chiswe chinakwera mitengo yochirikiza ija, chinamanga dothi mpaka pafupi ndi mfundo. Chinatsata mtengo wouma ndi makoko a mtedza amene ndinawaunjika mpaka pa tsinde. Ndinasuntha makoko kusiya mpata ngati chikhatho kuzungulira tsinde, mitengo ndinasintha, phulusa la kukhitchini ndinkawaza mozungulira mvula ikakata. Sichinathe koma chinachepa.

Masamba a kunsonga anayamba kupindika, kuseri kwake kuli nsabwe, nyerere zili piringupiringu kukwera ndi kutsika. Sopo wochapira wa mtanda ndinasungunula pang'ono m'madzi n'kupopera madzulo ndi botolo loboola chitsekerero, katatu pa masabata awiri. Nsonga zopindika kwambiri ndinangodula n'kutentha.

15 Febuluwale 2025, kuyesa diso

Mphukira ndinaisiya pa chitsa chowonda ija inali itanenepa ngati pensulo, khungwa likusendeka mosavuta chifukwa cha mvula. Ulendo uno sindinafunikenso kupita ku Dedza, maso ndinatenga pa nthambi yanga yomwe ya kum'mawa. Ndinadula tsamba kusiya kaphesi kake kogwirira, n'kusenga diso ndi lezala ngati kachishango. Pa mphukira ndinalemba T ndi lezala, kutsegula khungwa, kulowetsa diso, kumanga ndi kapulasitiki kodula pa jumbo diso lili panja. Ndinaika awiri kuopa zina. Patatha masabata awiri ndinakhudza kaphesi kaja kanangogwa kokha, diso lili lobiriwira, onse awiri anagwira. Kunena zoona njira imeneyi ndi yosavuta ndipo bala lake ndi laling'ono, alangizi aja ananena bwino. Ndikanakhala ndi timitengo tating'ono tofesa ndikanayamba ndi imeneyi. Pamwamba pa diso sindinadule nthawi yomweyo, ndinadikira chisanu.

7 Julayi 2025, kudulira kwenikweni

Linali tsiku la holide ndiye ndinali ndi nthawi. Chodulira mitengo chija chokhala ngati pulayala ndinagula ku Lilongwe K14,000, chifukwa chikwanje chimang'amba nthambi. Mtengo unali utapitirira mutu wanga, nthambi zili pikitipikiti pakati, ndipo masamba ambiri anali asanagwe ngakhale kunkazizira usiku. Ndinawapulula onse ndi manja, a malume anandiuza pafoni kuti kumalo kofunda zimathandiza kuti mtengo udzuke pamodzi.

Masamba atachoka m'pamene ndinaona mtengo bwinobwino. Cholinga n'choti ukhale ngati dengu, pakati potseguka, nthambi zikuluzikulu zitatu kapena zinayi zoyang'ana kunja mbali zosiyana, dzuwa lizilowa mpaka pansi. Ndinayamba ndi zouma ndi zokhulana, kenako zonse zolowera mkati, kenako zija zimangoti njo kuloza kumwamba zonenepa koma zopanda phindu. Nthambi zikuluzikulu ndinazifupikitsa cha pa phewa langa, kudula pamwamba pa diso loyang'ana kunja, mopendeketsa kuti madzi asakhalepo. Ndikufuna mtengo woti ndizithyola nditaima pansi. Mphukira ya maso awiri ija ndinaidula pamwamba pa diso lakumwamba.

Chimene muyenera kudziwa musanagwire chodulira ndi ichi, pichesi amabereka pa tinthambi timene tinamera chaka chathachi, tofiirira tija, osati pa nthambi zakale zotuwa. Mukayang'anitsitsa pa mfundo zambiri pamakhala maso atatu pamodzi, awiri a m'mbali onenepa aubweya ndiwo maluwa, lapakati lowonda ndi tsamba. Ndinakhala kanthawi ndithu ndikuwayang'ana, mwana wanga wamkulu ndinamuitana kudzamuonetsa. Tinthambi totere ndinasiya totalikirana, tina n'kutifupikitsa. Mulu wa nthambi pansi unali waukulu, pafupifupi theka la zimene zinamera chaka chatha, koma ulendo uno dzanja silinanjenjemere ngati poyamba.

Zolakwika zinalipo ziwiri. Nthambi ina yolemera ndinaidula ndi sowo kuchokera pamwamba pokha, pogwa inasenda khungwa kutsika nalo ngati chala. Umayenera kuyamba wacheka pang'ono pansi pake. Kwina ndinasiya tizitsa tatitali, tinauma n'kumatuluka utomoni ngati uchi wouma. Ndinabwerera kukatidula pafupi ndi kamkombero kotupa kaja pamene nthambi imatulukira, osadula kamkomberoko, ndi kamene kamatseka bala.

Ogasiti 2025, maluwa

Monga ananenera a malume, maluwa anabwera mwa apo ndi apo, nthambi ya kum'mawa inayamba, ya kubafa inatsatira patapita pafupifupi masabata atatu, maso ena sanatseguke n'komwe. Komabe njuchi zinabwera. Diso la Febuluwale lija linaphuka mwamphamvu, lapansi ndinalichotsa, tsopano dengu lili ndi mbali zake zonse. Nthawi imeneyi madzi ndiye osadumphitsa, ndinafika ndowa zitatu kawiri pa sabata.

16 Sepitembala 2025, kupatulira zipatso

Titachoka kovota ndinakhala pansi pa mtengo kuwerenga, tizipatso tinalipo 61, tambiri ngati nzama, tina tothithikana tinayi malo amodzi. Mtengo waung'ono chonchi sungalere zonsezo, ndipo mfundo zija zili ndi chaka chimodzi chokha. Ndinathothola kusiya mpata wotambasula chikhatho pakati pa chipatso ndi chinzake, zopunduka ndi za kunsonga kwenikweni zinayamba kuchoka. Zinatsala 24. Mayi akunyumba anatola zothotholazo m'mbale n'kumaziyang'ana, akuti bambo, zonsezi kutaya? Ndinawauza kuti tidikire Novembala.

12 Okutobala 2025, kuveka zipatso

Mphutsi zimene timazipeza m'mapichesi zimachokera ku kantchentche kamene kamaboola khungu n'kuikira mazira mkati chipatso chikamayandikira kupsa, komweko kamavutitsa mango ndi magwafa, ndipo pakhomo pano mango alipo ambiri. Mankhwala sindinafune chifukwa mtengo uli pafupi ndi pamene ana amasewera. Ndinagula mapepala a khaki K1,200, kupinda timatumba, kumata ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kuveka chipatso chilichonse kumanga pa nthambi ndi ulusi. Mapepala anakwana zipatso 16, zina 8 zinatsala pamtunda, ndinati ndionere pomwepo kusiyana kwake. Jumbo musavekere, imachita thukuta mkati chipatso n'kuwola.

Chilichonse chogwa pansi, cha pichesi kaya mango, ndinkatola tsiku lomwelo n'kuika m'jumbo yakuda yomanga bwino padzuwa masiku angapo ndisanakwirire.

15 Novembala 2025, kuthyola

Mvula yoyamba inanyowetsa timatumba, titatu tinang'ambika ndinasintha. Zosavekedwa 8 zija, 6 zinali ndi mphutsi, kunja zikuoneka bwinobwino kungokhala ndi kadontho ka utomoni, ziwiri mbalame zinajompha. Pa zovekedwa ziwiri zinagwa zokha, 14 tathyola masiku osiyanasiyana sabata ino, ndikamva kafungo ndi kufewa pafupi ndi phesi. Kukula kwake n'kodzaza m'dzanja la mwana, sizinafike pa za a malume koma kukoma n'komweko, madzi kuchita kutsikira m'chigongono. Mtundu wake ndi wotuwirako chifukwa cha mapepala, chaka chamawa ndidzavula timatumba kutatsala masiku ochepa, pa zingapo zokha kaye chifukwa ntchentche zija zimakhala zikudikira.

Ndikaphatikiza zonse ndawononga K44,100, theka lake ndi ulendo wa ku Dedza. Zinayi ndatumiza kwa a malume kudzera mwa mlamu wanga amene amapita ku Lilongwe, akakumana pa depoti.

Njere sitinataye. Ndazitsuka, zili mumchenga wonyowa m'kachidebe pamalo pozizira kuseri kwa mtsuko, zikamera ndiziika m'machubu ndipo zikadzanenepa ngati pensulo ndidzaika maso. Pa tsinde patulukanso mphukira ziwiri za mtengo wakale mvula itangogwa, ndazichotsa m'mawa uno. Nsungwi za kakhola zafumbwa mbali ya kubafa, zikufunika kusintha sabata ino.